Mapiritsi a mu Mpendero

Lachiwiri, 4 Malichi

Andipatsa kope ili ndi pensulo yaifupi ngati chala chakumapeto. Cholembera cha inki akana, ati ndingadzibaye nacho. Ine telala, zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikugwira sizasi ndi singano, lero akundiopera cholembera.

Ndilemba zonse kuti wina asadzakane. Anandibweretsa kuno dzulo m'mawa mayi a Kabatani ndi mchimwene wawo, alamu anga, pa galimoto ya alamuwo. Anati tikukayezetsa magazi. Titafika anandigwira anthu atatu n'kundibaya jekeseni. Ndadzidzimuka lero ndili mu zovala zachipatala, zobiriwira, zosokedwa ndi munthu wosaopa Mulungu. Mpendero wa thalauza ndi wotakata zala zitatu, ulusi wake wotayirira.

Kopeli abweretsa mayi a Kabatani masana ano. Ayankhula ali chiimirire.

"Bambo a Kabatani, mumve bwinobwino. Kunyumba simubwera, mwananso kuno sabwera, mpaka ndione ndi maso angawa kuti mukumwa mankhwala."

Kabatani ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamutcha choncho chifukwa anabadwa kakang'ono, kozungulira. Mawu amene ayankhula mayi akewa si awo. Ndi a alamu, angowaikira m'kamwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Belu limalira 6 koloko. Kusamba, tiyi ndi buledi, kenako mzere wa mankhwala pa kawindo. Mabedi mu wodi muno alipo khumi ndi anayi, mawindo ali ndi zitsulo, mafoloko kulibe.

Mankhwala: halopelidolo, mamiligalamu 5 m'mawa, 5 madzulo. Amagawa ndi namwino wina wamtali amene onse amamutcha a Yasamani, chifukwa mawu awo ndi amodzi omwewo: "Mezani. Yasamani. Kwezani lilime." Ndameza, ndayasama.

Lachitatu lililonse amazungulira adokotala, mayi wa magalasi, wofatsa mopitirira muyeso. Ati matenda anga ndi a maganizo, otchedwa sikizofuleniya, omwe aja a zaka zitatu zapitazo, ndipo abwerera chifukwa ndinasiya mankhwala chaka chatha. Andifunsa ngati ndimamva mawu. Ndati aliyense wa makutu amamva mawu. Alemba.

Sindinawauze kuti makina anga osokera ndiwo amandiuza za timawaya. Alamu amaika timawaya m'mipendero ya zovala zobwera pa khonde langa, kuti azimva zonse zimene ndikuyankhula. Khonde la sitolo limene ndimasokerapo lili pa mphambano, ndipo akhala akulisirira kuyambira kale. Aseke amene akuseka. Wamisala anaona nkhondo.

Lachisanu, 7 Malichi

Tulo basi. Lilime lolemera, malovu ambiri. Ayeza magazi, ayeza kuthamanga kwa mtima, andikweza pa sikelo: makilo 61.

Pa bedi loyandikana ndi langa pali a Kondakitala. Anali a m'mabasi, ndipo kuno n'kachinayi kubwera. Nthawi ya mankhwala ikakwana amamenya chitsulo cha bedi n'kukuwa kuti, "Tiyeni, tiyeni, yotsala mipando iwiri!" Anthu amaseka. Ine ndikuwayang'anitsitsa kaye. Munthu wochezeka chonchi m'malo ngati ano amakhala kuti watumidwa.

Lamulungu, 9 Malichi

Tsiku la alendo. Mayi a Kabatani abwera ndi mpunga wa nyemba m'kontena, malalanje osenda kale ndi mazira owiritsa atatu. Mpunga ndapatsa a Kondakitala, malalanjenso. Ndadya mazira okha, nditayamba ndawaunika pa windo ngati chikhokhombe chilibe kabowo ka singano. Chinthu chotsegula kale ine sindidya.

Alamu anabwera nawo, atavala jekete limene ndinawasokera ine ndemwe. Anakhala m'mphepete mwa bedi ngati pakwawo.

"Alamu, za makina musadandaule. Ndawasamutsira kwathu kuti asabedwe. Ndawaphimba bwinobwino."

Mwamva? Sabata isanathe makina asamuka kale. Ndinangoti zikomo, mano ndili chilumire. Ndinafunsa za Kabatani. Mayi ake anati ali bwino, akupita kusukulu. Ndinafunsa ngati amandifunsa. Anayamba kutseka kontena yotseka kale.

Ndamusowa mwana wanga.

Lachiwiri, 11 Malichi

Zayamba. Ndimazidikira.

Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu masana amatitengera ku chipinda cha ntchito zamanja. Kuli mayi wina wamkulu woyang'anira, amene amawerenga singano potipatsa ndi pozilandira. Pakona pali makina akale osokera, ophimbidwa ndi nsalu, ati anafa. Mayiwo atamva kuti ndine telala anakondwa, nandipatsa singano ndi ulusi woyera.

Ndayesa kasanu ndi kawiri kulowetsa ulusi. Dzanja njenjenje, zala zouma ngati zobwereka. Ndine wamanzere, ndipo lamanzere lomwelo ndi limene lanyanya. Mapeto ake wandilowetsera ulusi ndi mdala wina wa diso limodzi.

Ndi zomwezi zinandichitikira zaka zitatu zapitazo. Ndinamwa mapiritsi amenewa mokhulupirika, manja n'kuyamba kuvina. Misoko inkakhota, makasitomala ankabweza zovala, mayi a Kabatani n'kumaphwasula ndi kusokanso mwakachetechete. Ndani sangasiye? Telala wopanda manja ndi chiyani? Tsono taonani mmene akonzera: ndikamwa, manja afa, makina n'kukhala a alamu. Ndikapanda kumwa, mwana sindimuona.

Chinthu china, ndilembe poti ndinalonjeza kulemba zonse. Mawu aja sindinawamve kuyambira Loweruka. Mwina angodziwa kuti ndili pakati pa anthu.

Lachitatu, 12 Malichi

Kulemba kukuvuta. Onani zilembozi.

Adokotala afunsa ngati thupi likuuma kapena manja akunjenjemera. Manja ndinawakhalira. Ndati ndili bwinobwino. Ndiwauze kuti msampha wawo wagwira? Apitiriza 5 m'mawa, 5 madzulo.

Lachinayi, 13 Malichi

Madzulo ano piritsi silinapite m'mimba.

Zaka zonsezi ndakhala ndikusunga mapini m'kamwa uku ndikuyeza kasitomala, kucheza naye, kuseka naye, osameza ngakhale imodzi. Kapiritsi kangandivute? A Yasamani anati, "Yasamani." Ndinayasama mpaka anaona kummero. Anati, "A Telala ndiye odwala abwino, ena onse akanakhala chonchi."

Kuchimbudzi ndinasolola ulusi pang'ono mu mpendero wa mwendo wamanzere n'kulowetsamo piritsilo. Sinditaya ngakhale limodzi. Ndi umboni. Tsiku lina ndidzapita nawo kwa odziwa kuti akayeze zimene anaikamo.

Loweruka, 15 Malichi

Tsiku losintha zovala. Malaya ndapereka, thalauza ndakana. Ndati limene akundipatsalo ndi lalifupi, ndipo ine monga telala sindingavale chinthu cholekeza m'akakolo. Aseka n'kundisiya.

Mu mpendero muli asanu. Manja akadali kunjenjemera, koma tulo tachepa.

A Kondakitala andifunsa ngati ndili ndi ana. Ndati n'chifukwa chiyani mukufuna kudziwa? Ati, "Aaa, a Telala, kufunsa basi. Ine anga ndi atatu, koma wamkulu sandiyankhula. Ndinamusiya pa depoti ali wamng'ono, ine n'kumakalalikira m'basi ya eni." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Lamulungu, 16 Malichi

Mayi a Kabatani abwera okha. Mazira atatu, nthochi, sopo. A Yasamani anawauza pamaso panga kuti ndikumwa bwino kwambiri. Iwo anangoti, "Chabwino," n'kumayang'ana manja anga. Anali kunjenjemerabe pang'ono, ndipo ndinawasiya poyera kuti awaone.

Anakhala nthawi yaitali kuposa sabata yatha. Anandiuza kuti Kabatani wachoka dzino lina. Pochoka anandigwira phewa. Mtima unandipweteka pang'ono, koma pankhondo sauza mkazi zonse, makamaka mlongo wa mdani.

Lachitatu, 19 Malichi

Manja abwera! Ulusi walowa ulendo woyamba.

Ku ntchito zamanja ndatseka kabowo ka mu mpendero ndi msoko wobisika, n'kusiya kampata kongokwana piritsi. Mayi woyang'anira ankaganiza kuti ndikukonza thalauza lachipatala, mpaka anandiyamikira.

Kenako a Kondakitala anabweretsa malaya awo a kunyumba, amene amavala Lamulungu lokha. Thumba linali lendelende. Ndinalisoka ndi manja, ndipo sindinama, msoko wake makina angachite manyazi. Wowongoka, wothinana, kumapeto n'kubwereza katatu ndi kubisa mfundo mkati monga ndichitira nthawi zonse. Anthu anasonkhana kudzaona. Kwa ola limodzi ndinali munthu.

Adokotala m'mawa anati ndikuoneka wochangamuka. Ati zikapitirira chonchi, ndipo mayi a kunyumba akavomera, ndingapite kukayesa masiku awiri kunyumba kumapeto a mwezi. Mankhwala sanasinthe. Mu mpendero muli khumi ndi atatu.

Lachisanu, 21 Malichi

Makina a pakona aja sanafe. Lero ndikusoka batani anayamba kung'ung'udza pansi pa nsalu yawo. Poyamba ngati munthu akutsuka kummero, kenako mawu enieni, omwe aja a kunyumba: "Yang'ana makatani. Yang'ana mipendero."

Ndayang'ana. Katani la pawindo la kumapeto mpendero wake ndi wolemera kuposa enawo. Ndiye kuti afika mpaka kuno. Ndani anawalowetsa? Alamu anakhala pa bedi langa tsiku lija, ndipo chofunda changa chili ndi mpendero mbali zonse zinayi.

Chakudya chamasana sindinadye. Wogawa wake ndi watsopano.

Loweruka, 22 Malichi

Thalauza ndakananso. A Yasamani ati likayamba kuyenda lokha asadzandimve ndikudandaula.

Titakhala padzuwa kuseri kwa wodi, a Kondakitala anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"A Telala, ine ndagwira ntchito ya matikiti zaka khumi ndi zisanu. Wokwera ulele ndimamudziwa ndi kakhalidwe. Inu mukukwera ulele."

Ndinati sindikumva zimene akunena.

"Mukuyankhula ndi katani, achimwene. Dzulo chofunda munachifinya m'mbali monse ngati mukusankha mpunga. Ine sindinena kwa munthu, si ntchito yanga. Koma njira imeneyo ndayendamo katatu, ndipo imathera pa geti lomweli. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Tsopano ndadziwa amene amanena zanga. Ndipo ine n'kumusokera thumba!

Lamulungu, 23 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Mayi a Kabatani anabwera ndi mazira ndi kajumbo kena komanga. Ndinakonzeka bwino. Ndinapesa, ndinamwetulira, manja ndinawagwedeza pang'ono pamene ankayang'ana. Ndinawauza za masiku awiri aja. Nkhope yawo inawala, ndinaona ndithu.

Basi akubwera a Kondakitala, atavala malaya awo a Lamulungu, chifuwa patsogolo.

"Mayi, amuna anuwa ndi katswiri! Taonani thumba ili, asoka Lachitatu lomweli, ndi manja!"

Mayi a Kabatani anapempha kuti aone. Anagwira thumbalo, kulitembenuza, n'kuyendetsa chala pa msoko kuyambira kumwamba mpaka pa mfundo. Anathokoza a Kondakitala mwaulemu, n'kudikira kuti apite.

"Mwasiya liti?"

Ndinati funsani a namwino, ndikumwa tsiku lililonse.

"Bambo a Kabatani, ine ndaphwasula misoko yanu zaka ziwiri. Ndimadziwa msoko wa mankhwala, ndimadziwanso msoko wopanda mankhwala. Uwu ndi womwe munkasoka mwezi watha. Wokongola kwabasi. Ndimauopa kuposa njoka."

Ndinakwiya. Ndinati mukufuna ndikhale wopuwala kuti achimwene anu adye bwino. Ndinati mawu alionse amene mukuyankhula alembedwa kwawo. Anamasula kajumbo kaja n'kuika pa bedi diresi la sukulu la Kabatani, labuluu, limene ndinasoka mu Januwale.

"Ndakhala ndikuyenda nalo masabata atatu, kusowa mphamvu yokuonetsani. Mukukumbuka Lachisanu lija, m'mawa, mwana akupita kusukulu? Munamugwira pakhomo. Munati mu mpendero muli waya. Munadula ali chivalire, iye akukuwa kuti ababa, ababa. Mpaka lero akamva sizasi kulira amathawira kuseri kwa chitseko. Achimwene anachotsa makina chifukwa mwana sankalowa m'chipinda mmene tinkawasunga usiku."

Ndinati bodza. Ndinati adula ndi alamu kuti andinamizire.

"Ndinu telala. Liyang'aneni nokha. Kwa anamwino sindinena kanthu, pakamwa ndi panu. Koma za masiku awirizo muiwale."

Anapita osandigwira phewa. Mazira ndapatsa mdala wa diso limodzi.

Lolemba, 24 Malichi

Diresi lija ndaliyala pa bedi m'mawa wonse.

Ndimafuna kupeza dzanja la alamu. Alamu sadziwa kugwira sizasi, akamadula pepala amachita kutafuna. Apa palibe kutafuna. Wodulayo anayambira pa msoko wa m'mbali, mmene amayambira munthu wodziwa, n'kuzungulira kupita kumanja. Nsalu yagonera mbali imene imagonera ikadulidwa ndi sizasi ya wamanzere. Sizasi yoteroyo m'dera lathu lonse ili ndi munthu mmodzi. Ndinaigula ndisanakwatire, ndipo wina aliyense akaigwira imangopinda nsalu.

Mpaka theka mzere ndi wowongoka bwino. Kenako ukuyamba kudumphadumpha, chifukwa wovalayo ankalimbana. Cha pabondo pali kadontho kofiirira kamene sopo analephera.

Ndafufuza mpendero wonse wotsalawo ndi zala, kawiri. Waya mulibe. Mawu aja akundiuza kuti anachotsa. Koma kadonthoko sanakachotse.

Madzulo piritsi ndaikanso mu mpendero. Dzanja linangochita lokha.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ku ntchito zamanja sindinapite. Ndalira. A Kondakitala anakhala pa bedi lawo atandifulatira, n'kumaimba pansipansi kuti ena asandimve.

Mwina sanatumidwe. Mwina.

Lachitatu, 26 Malichi

La m'mawa ndameza lenileni.

Adokotala atafika pa bedi langa ndi a Yasamani, ndinapempha mbale. Ndinakweza mwendo pa mpando, kusolola ulusi wa msoko wanga wobisika uja, n'kukhutula. Makumi awiri ndi asanu, ena ofumbutuka. A Yasamani anagwira pakamwa. Kwa nthawi yoyamba anayasama ndi iwo.

Ndimayembekezera jekeseni ndi anthu atatu aja. Adokotala anangokoka mpando n'kukhala.

"Chifukwa chiyani, bambo?"

Ndinati mapiritsi anuwa amapha manja, ndipo ine ndimadya ndi manja.

"Nanga tsiku lija ndinakufunsani za manja, bwanji munati muli bwinobwino?"

Ndinati ndinkaganiza kuti n'zimene mukufuna. Sanaseke. Anati kunjenjemera ndi kuuma thupi n'zodziwika pa mankhwala amenewa, si chiwembu, ndipo zikanenedwa pali zochita: kuchepetsa mlingo, kuwonjezera kapiritsi kena koletsa kunjenjemera, kapena kusintha mtundu. Anafunsa ngati zaka zitatu zapitazo ndinauzapo wina. Sindinauze aliyense. Ndinkangolandira pa windo n'kumapita.

Asintha. Tsopano ndi risipelidoni, mamiligalamu 2 madzulo, kenako adzakweza pang'onopang'ono. Anandiuza mosabisa kuti nayenso angandinjenjemeretse pang'ono, angandinenepetse, angandigonetse, ndipo sangalonjeze kuti manja adzakhala ngati kale. Anati chilichonse chimene ndamva m'thupi ndizinena, tizikonza limodzi. Zopita kunyumba zaimitsidwa.

Kukoma mtima kotereku kukundikayikitsabe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Koma munthu wofuna kukunyenga sakuuza kuipa kwa katundu wake. Ndagulapo nsalu zambiri, ndikudziwa.

Thalauza alitenga. Latsopanoli mpendero wake a Yasamani aufinya okha.

Lachisanu, 28 Malichi

Risipelidoni 2. Chizungulire ndikadzuka msanga, ati ndizidzuka pang'onopang'ono. Mawu alipo, akunditukwana kuti ndagulitsa umboni. Tsopano a Yasamani amandiyang'ana m'kamwa ndi tochi, kenako ndimakhala pa benchi mphindi makumi awiri. Ndadzipalira ndekha.

Lamulungu, 30 Malichi

Mayi a Kabatani abwera. Anamva kale kwa anamwino za mbale ija. Sanandiyamikire, sanandikalipire. Anasenda lalanje n'kuliika pakati pathu. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndinadya zidutswa ziwiri, ndipo mpaka pano ndili moyo.

Ndinawapempha kuti diresi lija asalitenge. Ndinatinso akauze mwana kuti ababa aona chimene anachita.

Lachitatu, 2 Epulo

Akweza kufika mamiligalamu 4, madzulo. Sikelo: makilo 63. Ndauza adokotala kuti chala chachikulu chamanzere chikugwedera, komanso m'mawa ndimakhala ngati ndanyamula thumba la simenti. Alemba, apinda mkono wanga uku ndi uku, ati tione sabata imodzi tisanawonjezere kanthu. Kunena zoona kwa dokotala n'kwachilendo, ngati kuvula pamaso pa apongozi.

A Kondakitala atuluka lero. Iwo asankha jekeseni wa pamwezi, ati mapiritsi amawaiwala dala. Pochoka anamenya chitsulo cha bedi langa.

"A Telala, ine ndatsika pano. Inu musatsikire pawindo, dikirani siteji."

Ndinawapepesa kuti ndinkawayesa kazitape. Anati si kanthu, iwonso sabata yoyamba ankandiyesa wapolisi.

Lachisanu, 4 Epulo

Ndayamba diresi. Mayi woyang'anira ndiwo adula mbali yowonongekayo, ine ndikuwalozera, chifukwa sizasi sindiloledwa. Ngakhale akanandilola sindikanaigwira. Kadontho kaja kapita ndi chidutswacho. Diresi lafupika zala zinayi.

Ulusi walowa ulendo wachinayi. Makina a pakona ang'ung'udza kamodzi, chapatali, ngati wailesi ya kwa aneba. Ndinapitiriza kusoka.

Lachitatu, 9 Epulo

Risipelidoni 4, osasintha. Kugwedera kwachepa koma sikunathe. Adokotala ati mwina kutha, mwina kutsala pang'ono. Mawu sindinawamve kuyambira Lamulungu. Katani lija ndaligwiranso. Ndi lolemera chifukwa analipinda kawiri, ulesi wa wosoka.

Za alamu sindinatsimikize. Makina ndikadzawalandira ndidzawerenga mabobini onse okulungira ulusi.

Lachisanu, 11 Epulo

Ndamaliza mpendero. Masiku anayi, ntchito imene kale inali ya theka la ola. Ndauyang'ana pa windo ndipo manyazi andigwira. Ukuyenda ngati mwana wophunzira njinga. Pena wathinana, pena watayana, cha kumbuyo wakwera phiri n'kutsika. Wophunzira wanga akanandibweretsera zotere ndikanamubweza.

Ndinagwira ulusi kuti ndiphwasule. Ndinausiya. Manja amene ndili nawo ndi amenewa.

Lamulungu, 13 Epulo

Mayi a Kabatani anafika mochedwerapo, opanda kontena. Ndinawapatsa diresi nditalipinda bwino. Analitembenuza kunsi, n'kuyendetsa chala pa mpendero wonse, pang'onopang'ono, mmene anachitira ndi thumba lija.

Ndinati, poti ndinazolowera kuganizira anthu zoipa, "Mwina mukuti ndakhotetsa dala."

"Inu? Kukhotetsa msoko dala? Mungalole kufa."

Anaseka, misozi ili m'maso, n'kutuluka ndi diresilo osanena kumene akupita. Ndinakhala pa bedi ngati chitsiru. Ndinayamba kuganiza kuti apita nalo kwa alamu, kenako ndinadziletsa.

Patapita mphindi khumi a Yasamani anandiitana kuti ndipite ku benchi ya alendo, panja pa wodi. Kabatani anali ataima kumbuyo kwa mayi ake, atagwira chitenje chawo, atavala diresi labuluu pa tsiku lopanda sukulu. Watalika. Mawondo ali pamtunda, ndipo pa bondo lamanja pali kachipsera kakang'ono ngati njere ya mpunga.

Sindinamuyandikire. Ndinakhala pansi, manja ndinawaika pa mawondo, otambasula, kuti aone kuti mulibe kanthu. Chala chija chinkagwedera. Anachiyang'ana, n'kuyang'ana mayi ake, kenako anapinda m'munsi mwa diresi n'kundionetsa ali patali.

"Ababa, apa mwakhotetsa."

"Ndakhotetsa, mwanangu. Pepa. Pepa pa zonse."

"Amayi anati msoko ukakhala wokhota ndilowe. Ukakhala wowongoka tibwerere."

Anabwera yekha, mapazi atatu, n'kugwira chala chogwederacho ndi dzanja lake lonse kuti chileke. Sichinaleke. Sanachisiye.

Mayi ake akaonana ndi adokotala Lachitatu za masiku awiri aja.

Madzulo: risipelidoni, mamiligalamu 4. Ndameza. Ndayasama a Yasamani asananene.